Mkuwa kapena pulasitiki: kusankha mapaipi a madzi pomanga nyumba mu Lusaka

Nyumba ikangofoleredwa malata, thumba limakhala litapepuka kale, ndipo ndi nthawi yomweyo pamene pulambala amatulukira ndi kapepala kake n'kufunsa kuti, "Ba bosi, tiike kopa kapena PPR?" Kopa ndiye mkuwa, ndipo PPR ndi paipi ya pulasitiki, kawirikawiri yobiriwira, yolumikizidwa poiwotcha ndi makina. Ambirife timayankha funsoli dzanja lili m'thumba. Inenso ndinatero pomanga kanyumba kanga ku Chalala, ndipo chaka chisanathe ndinali nditanyamula nyundo ndi tchizulo, ndikuphwanya matailosi a m'bafa amene ngongole yake inali isanathe. Nkhaniyo ndiifotokoza tikafika pa za amisiri. Pano ndingonena kuti funso la pulambalayo limasocheretsa, chifukwa limamveka ngati nyumba yonse iyenera kukhala ndi paipi ya mtundu umodzi. Madzi a pakhomo amayenda njira zingapo. Ina yakwiriridwa m'nthaka, ina ikuwambidwa ndi dzuwa pa stand ya thanki, ina yabisika m'khoma, ina yanyamula madzi otentha ochokera ku giza. Njira iliyonse ili ndi paipi yoiyenera, ndipo kuti muidziwe tsatani izi musanapite ku hardware.

Yambani ndi ketulo

Musanafunse mtengo wa chilichonse, vundukulani ketulo ya mnansi amene wakhala m'deralo zaka zingapo. Mukapeza nkhanambo yoyera yokakamira pansi ndi pa element, ndiye kuti madzi anu ali ndi laimu wambiri. Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa mwala wa laimu, womwe uja umathyola mapiki anthu akamakumba maziko kapena dzenje la chimbudzi ku Kanyama ndi ku Chalala, ndipo madzi a m'ma borehole amadutsa m'ming'alu ya mwala umenewo. A Lusaka Water nawo amatunga malo awiri: madzi ena amachokera ku mtsinje wa Kafue, kutsukidwa ku Iolanda n'kupopedwa kubwera m'tauni, pamene ena ndi a m'ma borehole awo. Choncho ketulo ya dera lina singakuuzeni za madzi a dera lanu.

Laimu sadya mkuwa. Amangounjikana pamalo pamene madzi akutenthedwa: pa element ya giza, m'paipi ya madzi otentha, ndi m'timabowo ta shawa. M'kati mwa pulasitiki ndi moterera, moti sakakamira msanga, komabe giza yanu idzafunabe kutsukidwa kaya mwaika paipi yanji. Mdani weniweni wa mkuwa ndi madzi a asidi, amene pH yake (muyeso wa asidi m'madzi) ili pansi pa 6.5. Madzi otere amanyambita paipi pang'onopang'ono mpaka kuiboola timabowo tonga ta singano, ndipo chizindikiro chake ndi mzere wobiriwira pa sinki pamene mpopi umadonthera. Ngati mwakumba borehole yanu, tengani botolo la madziwo mukapimitse ku labu ya ku University of Zambia kapena ya Zambia Bureau of Standards. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi ya mapaipi a nyumba yonse, ndipo mudzadziwiratu ngati mulinso tizilombo.

Pa tizilombopo ndiimepo pang'ono. Pali amalonda ena amene amauza anthu kuti mkuwa umapha majeremusi, choncho madzi odutsa m'paipi ya mkuwa ndi abwino kumwa. Musamvere zimenezo. Kolera wa 2017 mpaka 2018 ndi wa 2023 mpaka 2024 anatiphunzitsa mokwanira. Madzi oipa amafuna klorini kapena kuwiritsa, paipi siingawayeretse.

Dziwani puresha imene muli nayo

Chachiwiri, dzifunseni kuti madziwo adzakankhidwa ndi chiyani. Pali kawerengedwe kosavuta: mamita 10 aliwonse a kutalika amapereka puresha ya pafupifupi bar imodzi. Thanki yokhala pa stand ya mamita 6 imapereka 0.6 bar pansi, ndipo poti shawa ili mamita awiri kuchokera pansi, pamenepo pamafika 0.4 bar yokha. Imeneyo ndi mphamvu yochepa kwambiri. Pa nyumba yotere nkhawa yanu isakhale yoti paipi iphulika, koma yoti madzi akanika kudutsa m'paipi yopapatiza.

Nyumba yolandira madzi mwachindunji kuchokera ku mita ili ndi vuto lina. Masana madzi amangodontha, usiku anthu akagona puresha imakwera, ndipo akathawa kwa masiku awiri amabwerera ndi mpweya, mipopi n'kumatsokomola, mapaipi n'kumagunda m'khoma. Kugundako kumamasula majoini ofooka. Chimodzimodzinso mukaika booster pump, monga ambiri anachitira chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba n'kutisiya maola ambiri opanda magetsi, aliyense n'kuthamangira kugula thanki. Ngati lero muli ndi thanki yokha koma mukulota zodzaika pampu, gulani paipi yoyenera pampuyo panopa. Khoma lomwe lapakidwa kale pulasitala silifunsidwa kawiri.

Jambulani nyumba papepala, mugawe njira za madzi

Tengani pensulo. Simukufunika luso la akatswiri ojambula mapulani. Lembani pamene pali mita kapena borehole, thanki, giza, bafa, chimbudzi, khitchini ndi mpopi wa panja, kenako mulumikize ndi mizere. Mzere wa madzi otentha muulembe ndi bolopeni yofiira.

Njira yoyamba ndi ya pansi pa nthaka, yochokera ku mita kapena ku borehole kupita ku thanki. Apa musataye nthawi ndi mkuwa. Ikani paipi yakuda ya HDPE, yomwe ambiri amangoti poly pipe. Imagulitsidwa yokulunga, motero mutha kuyala mamita makumi angapo popanda joini ngakhale imodzi, ndipo joini yomwe kulibe siidontha. Sankhani yolembedwa PN10 (nambala ya PN imanena puresha imene paipi ingapirire) kapena kuposerapo, osati yopyapyala ija yothirira dimba, ngakhale maonekedwe ake ndi ofanana. Kumbani ngalande yakuya theka la mita kapena kupitirira, makamaka podutsa galimoto. Pansi pake yalani mchenga, pamwamba pa paipi mchenganso, chifukwa miyala ya kuno ndi yakuthwa ngati mpeni ndipo imacheka pulasitiki mwakachetechete. Ndipo ipatutseni kutali ndi septic tank, soakaway ndi chimbudzi chokumba. Madzi akathawa, m'paipi mumakhala mphamvu yoyamwa, moti pamene padali podontha pamasanduka polowera zonyansa.

Njira yachiwiri ndi ya padzuwa: yokwera ndi kutsika pa stand, ndi yoyenda kunja kwa khoma. Dzuwa la Okutobala limaumitsa PPR ndi PVC. Paipi yobiriwira imayamba kuyezuka, kenako kutuwa ngati yathiridwa ufa, mapeto ake kuthetheka mwana akangoigunda ndi mpira. HDPE yakuda imapirira dzuwa bwino. Mukakakamizika kuika PPR panja, iphimbeni kapena ipakeni penti. Mkuwa suopa dzuwa n'komwe, koma uli ndi adani ena oyenda ndi miyendo iwiri. Mlamu wanga ku Chelstone adapita kumaliro kumudzi kwa sabata imodzi, pobwera anapeza paipi yonse ya kuseli kwa bafa itadulidwa ndi hacksaw, pabwalo pali dziwe, bilu ya madzi ikumudikira. Atandiimbira foni ndinangoti, "Alamu, pepani, koma mudawaikira nokha nyambo." Bola ngati ogula zitsulo zakale alipo, mkuwa woonekera kumsewu ndi ndalama yopachika pakhoma.

Njira yachitatu ndi ya madzi ozizira m'kati mwa nyumba, m'khoma ndi m'siling'i. Kwa ine, apa PPR yapambana. Siichita dzimbiri, simenti siiwononga, mtengo wake ndi wofikirika, ndipo joini yowotchedwa bwino imasanduka chinthu chimodzi ndi paipiyo.

Njira yachinayi, ya madzi otentha, ndi imene imafuna kukhala pansi.

Madzi otentha ndi giza

Nambala ya PN yolembedwa pa paipi ya pulasitiki imanena puresha imene paipiyo ingapirire madzi ali pa madigiri 20. Madzi akatentha, mphamvuyo imatsika. PPR ya PN20 ikamanyamula madzi a madigiri 60 imatsala ndi pafupifupi theka la mphamvu yake, zomwe n'zokwanirabe pa nyumba wamba. Koma PN10 ndi ya madzi ozizira basi. Mukalola pulambala kuika PN10 ku giza pofuna kupulumutsa makwacha ochepa, mwadzitchera msampha m'denga mwanu momwe.

Chinanso, PPR imatalika kwambiri ikatentha: pafupifupi mamilimita 0.15 pa mita iliyonse pa digiri iliyonse. Paipi ya mamita 10 imene madzi ake akwera ndi madigiri 40 imatalika masentimita 6. Mkuwa wa utali womwewo sutalika n'komwe kufika sentimita imodzi. N'chifukwa chake mukakwera m'siling'i za nyumba zina mumapeza paipi yobiriwira itapindikapindika ngati njoka yowothera dzuwa. Mankhwala ake ndi atatu. Mangirirani paipi pa mitengo ya denga pafupipafupi, pa theka la mita lililonse ngati ili ya mamilimita 20. Siyani mpata pa ngodya kuti izitha kusuntha osakoka joini. Ndipo ngati thumba likulola, gulani PPR ya fibre m'kati, yomwe mukaiyang'ana podula mumaona mzere wa mtundu wina pakati pa khungu lake. Imeneyo imatalika pang'ono chabe.

Tsopano pamene mkuwa ulibe wopikisana nawo ndi pa giza penipeni. Mita yoyamba kapena kupitirira pang'ono kuchokera pa giza ikhale ya mkuwa, kenako mulumikize PPR ndi cholumikizira cha brass. Thermostat (kachipangizo kozimitsa giza madzi akatentha mokwanira) ikafa, madzi amatha kufika powira, ndipo pulasitiki ya pafupi imafewa. Paipi yotaya madzi kuchokera pa safety valve nayo ikhale yachitsulo, yotsetsereka, yotulukira panja pamalo oonekera koma posayenda ana. Wina asaitseke kumapeto ati chifukwa ikudontha. Kudonthako ndi uthenga woti china chake chavuta.

Ngati mukuika giza ya sola, musanyengerere. Paipi za padenga, zapakati pa mapanelo ndi thanki yake, zikhale za mkuwa ndipo zikutidwe ndi lagging (chokutira chosunga kutentha) yopirira dzuwa. Mukachokapo masiku atatu m'nyengo yotentha osatsegula mpopi, madzi a m'menemo amatha kuwira ndithu. Ndaonapo PPR itafutukuka ngati soseji padenga la nyumba ina ku Kamwala South, mwini wake akudabwa kuti madzi akuchucha bwanji kuchokera ku malata mvula kulibe.

Pulasitiki si imodzi

Munthu akati "paipi ya pulasitiki" sananene kanthu, ndipo pa kauntala pamafunika kutchula dzina. PVC yoyera kapena yotuwa yopyapyala ija, ya mamilimita 50 ndi 110, ndi yotaya madzi oipa a m'sinki ndi m'chimbudzi, siinapangidwire puresha. PVC ya puresha imamatidwa ndi guluu ndipo ndi ya madzi ozizira okha. CPVC, yomwe nthawi zambiri imakhala yachikasu chotuwa, imapirira madzi otentha, koma imafuna guluu wakewake. Mukaimata ndi guluu wa PVC wamba, joini idzagwira lero n'kudzamasuka madzi akatentha. Palinso PEX ndi ija yokhala ndi aluminiyamu pakati, zomwe zimapindika ndi manja. Ndi zabwino, koma zolumikizira zake zimadula, sizipezeka mu hardware iliyonse, ndipo makoswe a m'siling'i amatha kuzitafuna. Musanasankhe mtundu uliwonse, ganizirani za Loweruka madzulo pamene chinachake chathyoka: kodi elibo yake mukaipeza pa shopu ya pafupi ndi kwanu? Pa funso limenelo PPR ndi HDPE zimapambana pafupifupi m'komboni iliyonse.

Yezani m'kati, osati kunja

Apa ndi pamene anthu ambiri a mathanki amagwera. Nambala ya pa paipi imanena kukula kwa kunja, koma madzi amayenda m'kati. Khungu la mkuwa ndi lopyapyala, pafupifupi milimita imodzi kapena kucheperapo pa masaizi a m'nyumba, pamene la PPR ndi lochindikala. PPR ya mamilimita 20, PN20, ili ndi bowo la mamilimita 13.2, pafupifupi lofanana ndi la mkuwa wa mamilimita 15. Ya 25 ili ndi bowo la 16.6, ndipo ya 32 ili ndi la 21.2. Mkuwa wa mamilimita 22 bowo lake ndi la pafupifupi 20. Ndiye kuti wofuna kulowetsa PPR m'malo mwa mkuwa wa 22 ayenera kugula ya 32, osati ya 25 monga ambiri amaganizira.

Pa nyumba ya thanki, tsikani kuchokera pa stand ndi paipi ya 32 kapena 40, muyende nayo choncho mpaka pakati pa nyumba. Nthambi zopita ku bafa ndi ku khitchini zikhale za 25, ndipo 20 ikhale ya kachidutswa komaliza kofika pa mpopi. Chepetsani maelibo, chifukwa ngodya iliyonse imadya mphamvu ya madzi. Pulambala akakuuzani kuti 20 ikwana nyumba yonse, mufunseni zomwe zidzachitikire munthu amene ali m'shawa wina akatsegula mpopi wa kukhitchini.

Ngati mwasankha mkuwa

Zimaseketsa ndithu. Dziko lathu ndi lachiwiri mu Africa pokumba mkuwa, kutsatira DR Congo, ndipo ku Luanshya kampani ya ZAMEFA imapanga mawaya ndi makebulo, komabe paipi ya mkuwa mu hardware ya mu Lusaka mtengo wake umakubweza kumbuyo. Zambiri zomwe mungapeze zimabwera ndi chizindikiro cha ku South Africa cha SABS 460, ndipo zili m'makalasi. Class 0 ndi yopyapyala kwambiri ndiponso youma: siipindidwa, ndipo siikwiriridwa m'nthaka. Class 1 ndi Class 2 ndi zochindikala kuposa pamenepo, ndipo Class 2 imapindika bwino ndi makina opindira. Funsani kalasi musanalipire, chifukwa kungoyang'ana ndi maso zonse ndi zofiira mofanana.

Kulumikiza kuli pawiri. Pali kuwotcherera ndi solder (chitsulo chosungunulidwa ndi moto kuti chimate joini), ndipo pali zolumikizira za brass zomanga ndi sipanala, zomwe amisiri amangoti Conex. Zomanga ndi sipanala zikhale pamalo ofikika, osati zokwiriridwa m'khoma. Pa zowotcherera, onetsetsani kuti solder yalembedwa kuti ilibe mtovu, chifukwa madzi amenewo adzamwa ana anu. Mmisiri apukute flux (mankhwala opaka pa mkuwa asanawotcherere) yotsala akamaliza joini iliyonse, popeza imadya mkuwa n'kusiya zobiriwira. Akamagwira ntchito ndi moto m'denga, pafupi ndi mitengo youma ndi siling'i, pakhale ndowa ya madzi ndi munthu woyang'anira.

Mkuwa wolowa m'khoma kapena pansi pa simenti ukulungidwe ndi tepi kapena ulowetsedwe m'paipi ina yaikulupo, kuti usakhudzane ndi matope a simenti komanso uzitha kusuntha. Ndipo musaulumikize mwachindunji ndi paipi ya galvanised. Zitsulo ziwirizi zikakumana m'madzi, ya galvanised ndi imene imadyeka msanga, makamaka ngati madzi akuyamba kudutsa mu mkuwa. Izi zimachitika kawirikawiri m'nyumba zakale za khonsolo ku Libala, Chilenje ndi Kabwata, kumene anthu amasintha kachidutswa kamodzi kokha komwe kaboola n'kusiya zina zonse.

Muyeseni mmisiri asanakhudze khoma

Nayi nkhani yanga ija. Mapaipi ndinagula abwino, PN20, saizi yoyenera. Tsiku lolumikiza bafa magetsi anathima, ine ndili kuntchito. Makina owotchera PPR amafuna magetsi, ndiye mnyamata amene ndinamulemba ntchito, posafuna kutaya tsiku, anachotsa timitu ta makinawo n'kumatitenthetsa pa mbaula ya mlonda. Palibe joini imene inadontha, ndipo tonse tinasangalala. Koma titalowa m'nyumba, shawa inkangolira misozi pamene mpopi wa panja ukuthamanga bwinobwino. Tinasintha shawa, tinatsuka thanki, tinakweza stand m'maganizo kangapo. Pomaliza tinaphwanya matailosi n'kudula elibo imodzi pakati. M'kati mwake pulasitiki inali itasungunuka n'kudzikundika ngati phula, bowo lotsala losalowa ngakhale pensulo. Maelibo anayi mwa asanu ndi limodzi anali otero.

PPR imawotchedwa pa madigiri 260. Paipi ya mamilimita 20 imakhala pa makina masekondi 5, ya 25 masekondi 7, ya 32 masekondi 8. Imalowa mu soketi pa mlingo wake, pafupifupi mamilimita 14 pa paipi ya 20, ndipo mmisiri wabwino amayamba walemba mzere ndi pensulo. Akailowetsa saipotokola, amangoigwira chilili kwa masekondi angapo. Akapitiriza nthawi kapena kukankha mopyola, bowo limatsekeka monga linachitira langa. Akafulumira kuchotsa, joini imagwira pamwamba pokha n'kudzazuka puresha ikakwera usiku.

Ndiye chitani izi. Musanagwirizane mtengo, mupatseni kachidutswa ka paipi ndi elibo imodzi, alumikize inu mukuona. Ikazizira, iduleni pakati ndi hacksaw. Bowo likhale lotseguka lonse, ndipo paipi ndi elibo zioneke ngati chinthu chimodzi popanda mng'alu pakati. Pa mkuwa chitaninso chimodzimodzi: solder iyenera kulowa kuzungulira joini yonse, osati kuunjikana kunja ngati phala. Mmisiri wodziwa ntchito sakwiya ndi mayeso amenewa, ena amachita kunyadira. Gwirizananinso poyera kuti magetsi akathima ntchito ya PPR iima, pokhapokha pali jenereta. Ndipo ngati m'dera lanu mwapeza mmisiri wa manja abwino pa mkuwa koma wosazolowera PPR, kapena wa PPR amene sanagwirepo blowlamp, zimenezo zilowe m'chisankho chanu. Paipi yapamwamba m'manja osaidziwa ndi imene inandigwetsera matailosi.

Pogula

Kaya mukupita ku Kamwala, ku Panganani Road kapena ku hardware ya kwanu, nyamulani pepala lanu lija. Werengani zolembedwa pa paipi: dzina la wopanga, saizi, kuchindikala kwa khungu ndi PN ziyenera kuoneka bwino, mobwerezabwereza m'litali mwake. Yopanda zolemba isiyeni, ngakhale atakuchotserani mtengo. Yang'anani kumapeto kwake ngati khungu lili lofanana kuzungulira, chifukwa zachinyengo zimakhala zochindikala mbali imodzi. Pewani zimene zakhala zikuwambidwa panja pa shopu mpaka kuyezuka. Mapaipi ndi zolumikizira zikhale za kampani imodzi. Zolumikizira zokhala ndi mazinga a brass zinyamuleni m'manja: yopepuka modabwitsa imang'ambika mpopi ukangomangidwa mwamphamvu, ndipo imang'ambikira m'kati mwa khoma.

Poyerekeza mitengo, musayerekeze paipi ndi paipi. Werengani zonse pamodzi: maelibo, matii, masoketi, mavalavu, zomangirira, lagging, solder ndi gasi kapena kubwereka makina, kuphatikizapo malipiro a mmisiri. Onjezani valavu yotsekera pa bafa lililonse, pa khitchini ndi pa giza, kuti mpopi umodzi ukavuta nyumba yonse isagone ndi ludzu. Ndipo ndi bwino kukagula nokha kapena kupita limodzi ndi pulambala, kusiyana n'kumupatsa ndalama kuti akagule yekha.

Mawu amodzi kwa wamagetsi

Pulasitiki siidutsa magetsi. M'nyumba zina zakale waya wa earth adaumangirira pa paipi yachitsulo ya madzi, ndipo mukachotsa paipiyo n'kuika PPR mwadula chitetezocho osadziwa. Itanani wamagetsi wovomerezeka aone earth ya nyumba, makamaka ya giza ndi ya tizidutswa ta mkuwa tozungulira gizayo. Mpopi ukayamba kukunyerenyetsani m'manja muli m'bafa, zimitsani giza pa bokosi la magetsi nthawi yomweyo, musadikire mawa.

Musapake pulasitala musanayese

Womanga adzakukakamizani kuti atseke makoma chifukwa simenti yasakanizidwa kale. Mukanizeni. Tsekani potulukira ponse ndi mapulagi, giza ndi ma mixer zikhale zisanalumikizidwe. Dzazani madzi kuyambira pansi, mutsegule pamwamba kuti mpweya wonse utuluke. Kenako pulambala apope ndi pampu ya manja yokhala ndi geji mpaka puresha ipose imene nyumba idzagwiritse ntchito ndi theka lake. Ambiri amafikitsa pa 10 bar. Pa PPR muvi wa geji umatsika pang'ono poyamba chifukwa paipi imafutukuka, ndiye apopenso, kenako uime malo amodzi kwa maola angapo. Ukamatsikabe, pali pamene pakudontha. Yendani ndi pepala la m'chimbudzi, mukulunge joini iliyonse, chifukwa kadontho kosaoneka ndi maso kamaoneka pa pepala.

Mayeso a geji amagwira kudontha kokha, sagwira bowo lotsekeka. Choncho mukamaliza, lumikizani ku thanki, muchotse pulagi imodzi imodzi, mutchere ndowa ya malita 20 n'kuwerenga nthawi imene ikutenga kudzaza. Potulukira pawiri pa msinkhu wofanana, pa paipi ya saizi imodzi, payenera kudzaza ndowa pa nthawi yoyandikana. Pamene pakuchedwa kwambiri, dulani maelibo a nthambi imeneyo lero lomwe, khoma likadali lotseguka. Siyani madzi athamange kwa mphindi zingapo kuti atulutse mchenga, zinyenyeswa za pulasitiki ndi flux.

Zonse zikakhala bwino, tengani foni mujambule khoma lililonse, tepi yoyezera itatambasulidwa kuchokera pa ngodya ndi kuchokera pansi, manambala akuoneka. Zithunzizo dzitumizireni pa WhatsApp kapena pa imelo, mutumizirenso wina wa m'banja, ndipo tsiku lomwe kalipentala adzabwere ndi drill kudzapachika makabati a kukhitchini, mumuonetse asanaboole. Tsopano womanga uja muuzeni abwere ndi simenti yake.